Woyendetsa ndege amalandira zingati? Avereji si yankho lake

Chaka cha 2023 kunali mkangano waukulu ku America pa nkhani ya malipiro a anthu oyendetsa ndege. M'mwezi wa Marichi, oyendetsa ndege a kampani ya Delta anavomereza mgwirizano wokweza malipiro awo ndi 34 peresenti pa zaka zinayi, ndipo chaka chisanathe anzawo a ku American Airlines ndi a ku United nawonso anakwezeredwa kwambiri. Ena ankati anthuwa akudya mopyola muyeso pamene wokwera ndege akulira ndi mtengo wa tikiti. Ena ankati asiyeni akolole, anavutika zaka zambiri. Mkanganowo sunathere komweko. Manambala ake anawoloka nyanja pa foni mpaka kufika pakhonde la alamu anga, pomwe mwana wawo amene wangolemba kumene mayeso a Folomu 4 anandiyandikizira foni kumaso n'kunena kuti, "Malume, taonani, payiloti amalandira madola 250,000 pachaka." Bambo ake anali chete pampando, koma ndinadziwa kuti m'mutu mwawo ayamba kale kuyeza puloti yawo ya kumudzi, kuti itagulitsidwa ingalipire miyezi ingati ya sukulu yoyendetsa ndege ku South Africa.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa. Nambala imene mphwangayo anandionetsa si yabodza, koma ndi avereji, ndipo avereji si yankho la funso limene iye ankafunsa. Munthu akafunsa kuti woyendetsa ndege amalandira zingati, amafuna kudziwa zimene munthu wamba pantchitoyo amalandira, ndipo nambala yoyankha zimenezo ndi ija aphunzitsi a masamu amaitchula kuti median, kutanthauza malipiro a munthu amene waima pakati penipeni pamzere. Mtolankhani, mphunzitsi kapena mwini sukulu amene amatchula avereji yokhayokha polangiza mwana za ntchito, amamusocheretsa, ngakhale atakhala kuti sananame liwu ndi limodzi lomwe.

Kusiyana kwa ziwirizi n'kosavuta kukumvetsa, kungoti ambiri tinakusiya m'kope la ku pulayimale. Tiyerekeze kuti anthu asanu akhala pansi pa mtengo kusewera bawo. Woyamba amapeza K100,000 pamwezi, wachiwiri K120,000, wachitatu K150,000, wachinayi K180,000, ndipo wachisanu, mwini magalimoto onyamula katundu amene wangoima kuti aonerere, amapeza K2,000,000. Mukaphatikiza ndalama zonsezi n'kugawa kwa anthu asanu, mupeza K510,000. Imeneyo ndiyo avereji. Koma pa anthu asanuwo palibe ndi mmodzi yemwe amene amalandira ndalama zoyandikira K510,000. Anayi ali pansi kwambiri, mmodzi ali kutali m'mwamba. Tsopano aimikeni pamzere kuyambira wochepekedwa mpaka wolemera, n'kufunsa amene waima pakati. Iyeyo akuuzani K150,000. Imeneyo ndiyo median. Mwini magalimoto uja ngakhale atapeza K20,000,000 mwezi wamawa, avereji idzalumpha ngati tonde wodula chingwe, pamene median idzakhala pomwepo pa K150,000, chifukwa moyo wa anthu anayi aja sunasinthe.

Tiyeni tibwerere ku America. Nthambi ya boma yoona za ziwerengero za ntchito, Bureau of Labor Statistics, imatulutsa manambala onse awiri. Pa ziwerengero za Meyi 2023, avereji ya malipiro a oyendetsa ndege zam'makampani onyamula anthu ndi katundu, kuphatikizapo akaputeni ndi othandizira awo, inali madola 250,050 pachaka. Median inali madola 219,140. Apa zikutanthauza kuti oposa theka la anthu apantchitoyi sankafika pa nambala imene mphwanga anandionetsa ija. Chimakoka avereji m'mwamba chotero n'chiyani? Ndi kagawidwe ka malipiro pantchitoyi. Oyendetsa ndege ku America amalipidwa pa ola, ndipo ola lake limawerengedwa makamaka kuyambira pamene ndege yachoka pamalo okwererapo kufikira pamene yaima kumene ikupita. Nthawi yokonzekera ulendo, yodikira pabwalo la ndege ndi yogona ku hotela kutali ndi banja siwerengedwa pa mtengo umenewo. Ambiri amauluka maola pafupifupi 75 pamwezi, ndipo lamulo silimulola munthu kupitirira maola 1,000 pachaka. Mtengo wa ola limodzi umadalira mpando umene munthu wakhala, kaya wa kaputeni kumanzere kapena wa wothandizira kumanja, kukula kwa ndege, kampani, ndiponso zaka zimene wagwira pakampani imeneyo. Kaputeni wakale woyendetsa Boeing 777 pakampani yaikulu amalandira kupitirira madola 400 pa ola. M'chaka cha 2022, makampani ang'onoang'ono a Envoy ndi Piedmont, omwe amayendetsa maulendo afupiafupi m'malo mwa American Airlines, atakweza malipiro a wothandizira watsopano kufika madola 90 pa ola, inali nkhani yaikulu. Onse awiriwa amavala yunifolomu yofanana, onse amatchedwa payiloti, onse amalowa mu avereji imodzi.

Tsopano pali anthu amene sagwirizana nane, ndipo mfundo zawo si zachibwana. Oyamba amati avereji ndi masamu oona, boma lenilenilo ndi limene limaitulutsa, nanga ine ndine ndani kuti ndiikane? Sindikuikana. Avereji ili ndi ntchito yake. Ngati ndinu woyang'anira chuma pakampani ya ndege ndipo mukufuna kudziwa kuti oyendetsa ndege 10,000 adzakudyerani ndalama zingati chaka chamawa, tengani avereji n'kuchulukitsa, mupeza yankho loona. Wotolera misonkho nayenso amafuna avereji. Koma funso la wolipira ndi losiyana ndi funso la wolandira. Alimi a fodya amazidziwa bwino zimenezi. Nyengo iliyonse ya malonda amamva pa wailesi kuti avereji ya mtengo wa fodya pa kilogalamu ku okushoni yafika pakuti, koma mlimi amene wabwera ndi mabelo ake atatu ku Kanengo akayang'ana pepala lake amaona zina. Wailesi sinaname. Kungoti inaphatikiza fodya wa esiteti, wosankhidwa bwino ndi wopanikizidwa bwino, ndi fodya wa munthu amene chigafa chake chinadontha. Nambalayo imathandiza nduna ya zachuma kudziwa madola amene dziko lipeze. Mlimi wofuna kudziwa ngati alimenso fodya chaka chamawa siimuthandiza kwenikweni.

Achiwiri amati ndikungokokera nkhani pachabe. Madola 250,050 ndi madola 219,140, kusiyana kwake n'kotani? Zonsezo ndi ndalama zoti Mmalawi sangazilote n'komwe. Poyankha, ndiyambe ndi kunena kuti kusiyanako ndi madola 30,910, omwe pa mtengo wa kubanki wa makwacha pafupifupi 1,750 pa dola ndi ndalama zoposa K54 miliyoni pachaka. Munthu amene amati zimenezo n'zochepa andipatse ine. Koma chachikulu si chimenecho. Chachikulu n'chakuti munthu akazolowera kufunsa kuti "nambala iyi ndi avereji kapena median?", amayambanso kufunsa funso lachiwiri, lakuti "awerenga ndani, asiya ndani?" Ndipo apa m'pamene nkhani imasinthiratu. Nthambi ya boma ija ili ndi gulu linanso la oyendetsa ndege, amene sagwira ntchito m'makampani a maulendo a tsiku ndi tsiku: oyendetsa ndege zahayala, zonyamula odwala, zoonetsa alendo malo, ndi mahelikopita. Median ya gulu limeneli mu Meyi 2023 inali madola 113,080, pafupifupi theka la anzawo aja. Nawonso ndi mapayiloti. Kuwonjezera apo, ziwerengerozi zimawerenga okhawo amene ali pantchito ndipo akulandira malipiro. Mnyamata amene ndalama zinamuthera ali pakati pa maphunziro mulibemo. Amene anamaliza koma dokotala anamupeza ndi vuto la mtima kapena la maso mulibemo. Amene ali ndi laisensi m'thumba koma akugulitsa mafoni podikira ntchito mulibemo. Zili ngati kupita kuchipinda cha alendo olemekezeka pa ukwati n'kufunsa ngati chakudya chinakwana.

Mfundo yachitatu ndiyo yamphamvu kuposa zonse, ndipo ndiyenera kuipatsa ulemu wake. Amati ntchito yoyendetsa ndege ndi makwerero. Aliyense amayambira pansi, koma chifukwa kukwezedwa kumatsata zaka zimene munthu wagwira, osati kukondera kwa bwana, wothandizira wa lero ndiye kaputeni wa mawa. Choncho akaputeni olemera amene akukoka avereji m'mwamba si anthu achilendo ngati mwini magalimoto wa pabawo uja, koma ndi chithunzi cha mnyamata yemweyo akadzakula. Pamenepa pali choonadi ndithu. Ku America, munthu akalembedwa ntchito pakampani ya ndege amapatsidwa nambala pamndandanda, ndipo nambala imeneyo ndiyo imalamula chilichonse: ndege imene ayendetse, mzinda umene akhale, masiku opuma, tsiku limene adzakhale kaputeni. Mabungwe awo, monga Air Line Pilots Association lomwe linakhazikitsidwa mu 1931, amateteza dongosolo limeneli ndi mtima wonse.

Komabe makwerero amenewa ali ndi chilema chimene otchula avereji sachinena. Nambala ya pamndandanda ija ndi ya pakampani imodzi yokha. Kampaniyo ikagwa, kapena munthu akasamukira kwina, amakayambiranso pansi penipeni, ngakhale atakhala ndi imvi ndi maola 20,000 m'buku lake. Ndipo makampani a ndege amagwa. Pan Am ndi Eastern, mayina amene kale ankagwedeza dziko, anatha mu 1991. Zitachitika zauchigawenga za pa 11 Sepitembala 2001, oyendetsa ndege masauzande anaimitsidwa ntchito. United inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu 2002, Delta ndi Northwest mu 2005, American mu 2011, ndipo m'zaka zimenezo malipiro anadulidwa kwambiri, ena mpaka penshoni imene ankaidalira inasokonekera. Mu 2007 boma linakweza zaka zopumira pantchito kuchoka pa 60 kufika pa 65. Kwa akuluakulu inali nkhani yabwino, koma kwa achinyamata zinatanthauza zaka zina zisanu zodikira kuti mpando wa kumanzere upezeke. N'chifukwa chake pamene aphungu ena ankafuna kukwezanso zakazo kufika pa 67, mkangano unabuka pakati pa oyendetsa ndege okhaokha, ndipo lamulo limene linasainidwa mu 2024 linasiya zaka pa 65. Kenako mliri wa Covid-19 mu 2020 unaimika ndege padziko lonse. Ifenso kuno taona ndi maso athu: Air Malawi inatsekedwa mu 2013, South African Airways inalowa m'manja mwa opulumutsa makampani mu Disembala 2019, ndipo Comair, imene inkayendetsa ndege za Kulula ndi maulendo a British Airways m'chigawo chino, inatha mu 2022. Kotero kaputeni amene lero akulandira madola 400 pa ola ndi munthu amene kampani yake inapulumuka, thupi lake linapambana mayeso a dokotala miyezi isanu ndi umodzi iliyonse atapitirira zaka 40, ndipo anabadwa m'chaka chabwino. Kumuuza mwana kuti iwenso udzafika pamenepo kuli ngati kumulonjeza mvula ya zaka 40 zikubwerazi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Kuti timvetse kutalika kwa mtunda pakati pa pansi ndi pamwamba pa makwererowa, tikumbukire ngozi ya mu Febuluwale 2009, pamene ndege ya Colgan Air inagwera nyumba pafupi ndi mzinda wa Buffalo ku New York, n'kupha anthu 50. Pofufuza, zinamveka kuti wothandizira kaputeni, mayi wa zaka 24, ankalandira madola pafupifupi 16,000 pachaka, ndipo ankakhala kufupi ndi Seattle, kutsidya lina la dziko, moti usiku wa dzulo lake anachezera kuyenda pa ndege zonyamula katundu kuti akafike kuntchito ku Newark. Ofufuza anati chimene chinagwetsa ndege ndi kulakwitsa kwa kaputeni pamene ndege inkataya liwiro, choncho sindikunena kuti malipiro ndiwo anapha anthu. Ndikunena kuti anthu a ku America anadzidzimuka kumva kuti munthu amene wanyamula miyoyo yawo m'mwamba amalandira ndalama zosasiyana ndi wogulitsa m'sitolo. Anadzidzimuka chifukwa kwa zaka zambiri ankamva avereji yokhayokha. Ngoziyo inabala lamulo la mu 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2013, lofuna kuti munthu akhale ndi maola 1,500 ouluka asanalembedwe ntchito pakampani yonyamula anthu, kupatula ochokera ku usilikali ndi m'makoleji ena amene amawachepetserako. Malipiro oyambira akwera kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, zimenezo n'zoona. Koma maola 1,500 amenewo munthu amawasonkhanitsa chaka chimodzi, ziwiri kapena kuposerapo, nthawi zambiri akuphunzitsa ena kuuluka pa malipiro ochepa, atasenza ngongole ya sukulu imene m'masukulu ena akuluakulu imapitirira madola 100,000. Zaka zimenezo sizioneka mu avereji ya 250,050 ija, ndipo kunena chilungamo, sizionekanso mu median.

Zimenezi zikundifikitsa kwa otsutsa achinayi, amene amandibwezera mkondo wanga womwe. Amati median nayonso imabisa. Ngati pantchito pali magulu awiri otalikirana, oyamba kumene ndi akaputeni akale, munthu wapakati sakuimira gulu lililonse. Ndikuvomera. Nambala imodzi singafotokoze miyoyo ya anthu masauzande. N'chifukwa chake nthambi ya boma ija imatulutsanso malipiro a anthu amene ali kumunsi kwa mzere ndi amene ali kumtunda, ndipo wowerenga wanzeru amayang'ana zonsezo. Chodabwitsa n'chakuti m'ziwerengero za 2023, malipiro akafika madola 239,200 pachaka nthambiyo inkangolemba kuti afika pamenepo kapena kupitirira, osatchula nambala yeniyeni. Onani tsono: avereji ya oyendetsa ndege inali pamwamba pa denga limenelo, umboni wakuti kumtunda kuli anthu olandira ndalama zambiri zedi amene akuikoka. Koma kufooka kwa median si chifukwa chobwerera ku avereji. Ngati galasi lakutsogolo la galimoto lili ndi fumbi, simuyendetsa mutatsinzina. Median imakuuzani chinthu chimodzi chimene simungachitsutse, chakuti theka la anthu ali pansi pa mzere uwu ndipo theka ali pamwamba. Avereji singakuuzeni n'komwe kuti ndi angati amene amafikapo.

Ndionjezere kuti pa mkangano wa ku America uja, mbali zonse ziwiri zimasewera ndi manambala, ndipo sindikuikira kumbuyo mbali iliyonse. Kampani ikamakambirana ndi antchito ake imakonda kutchula avereji kapena malipiro a kaputeni wapamwamba, kuti anthu aone ngati oyendetsa ndege ndi adyera. Bungwe la antchito limakonda kutchula mnyamata woyamba kumene ndi ngongole yake, kuti anthu amve chisoni. Masukulu oyendetsa ndege amakonda nambala yaikulu kuposa onse, chifukwa ndiyo imadzaza kalasi. Aliyense amasankha nambala yomukomera, ndipo palibe amene mungamugwire bodza. Ubwino wa median pamenepa ndi wakuti ndi yovuta kuikokera kumbali. Kaputeni mmodzi atagwira maola owonjezera chaka chonse n'kupeza ndalama zochititsa mantha, siisuntha. Woyamba kumene mmodzi atalandira zochepetsetsa, siisunthanso.

Otsiriza ndi amene amandipweteka mtima, chifukwa mmodzi wa iwo ndi mlongo wanga. Iye anati, "Achimwene, mwana ali ndi maloto, inu mukubwera ndi masamu anu kudzamufooketsa." Sindikufuna kuti mwanayo asiye. Dziko lino likufuna oyendetsa ndege ake, ndipo alipo Amalawi, amuna ndi akazi, amene akuyendetsa ndege bwino lomwe kuno ndi kunja. Koma nambala ya ku America ndi ya ku America. Kuti munthu alandire malipiro amenewo ayenera kukhala ndi chilolezo chogwira ntchito m'dzikomo ndi ziphaso zovomerezeka ndi bungwe lawo loona za ndege la FAA. Mwana wa kuno amene waphunzira ku South Africa, khomo limene angagogode poyamba ndi la Malawi Airlines, imene boma lathu lili ndi magawo 51 peresenti ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49, kapena la makampani ang'onoang'ono onyamula alendo kupita ku Likoma ndi kumalo osungira nyama. Makampani amenewa ali ndi ndege zowerengeka ndi mipando yowerengeka, ndipo malipiro awo amatsata chuma cha kuno, osati cha ku America. Komanso fizi ya sukuluyo imalipidwa mu ndalama zakunja, pamene puloti imagulitsidwa m'makwacha, ndipo tonse tikukumbukira zimene zinachitika mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Banja limene likufuna kugulitsa malo a makolo liyenera kuwerengera ndi nambala ya munthu wapakati pa anthu amene anayenda njira yomweyo, osati ya munthu wa kudziko lina amene ali pamwamba pa makwerero ena.

Choncho tsiku limenelo pakhonde paja, monga mwinimbumba, sindinaletse ndipo sindinavomereze. Ndinatenga pepala n'kumulembera mphwangayo mafunso oti atumize ku sukulu zonse zimene ankazisirira. Pa ophunzira amene anayamba zaka zitatu zapitazo, ndi angati anamaliza? Pa omalizawo, ndi angati lero akulandira malipiro chifukwa choyendetsa ndege? Ndipo mutawaimika pamzere onsewo, kuphatikizapo amene alibe ntchito, wapakatiyo amalandira zingati? Sukulu imodzi inayankha mwachangu ndi kabuku kokongola, kokhala ndi chithunzi cha mnyamata wa mizere inayi paphewa ndi nambala yaikulu pachikuto, koma mafunso atatu aja sinawakhudze. Mphwangayo wailemberanso sukuluyo kachiwiri. Alamu anga auza munthu amene ankafuna puloti uja kuti ayambe wadikira, ndipo chaka chino abzalamo soya.